Tsiku Limene Anaika Mtengo pa Kamtsinje

Anthu amanditchula kuti a Pasipoti, ndipo dzinalo sindilikana. Ndadzaza mapasipoti atatu, yachinayi yatsala masamba asanu okha. Ndagonapo m'hotela ya nsanjika makumi anayi, mitambo ikudutsa kunsi kwa zenera langa ngati nkhosa. Ndakwerapo sitima yoyenda pansi pa nyanja, ndadyapo ndi timitengo osagwetsa kanthu. Zonsezi ndi manja anga awa, palibe anandisiyira ngakhale supuni. Ndinayamba ndi theka la mgolo, paketi imodzi ya utoto ndi malaya akale asanu ndi awiri, m'mbali mwa kamtsinje kodutsa kumunsi kwa tauni yathu. Lero pamalo omwewo pali fakitale yanga yonyika nsalu mu utoto. Ndili ndi antchito makumi anayi ndi atatu, ndipo pofika chaka chatha ndinali ndi nyumba za lendi khumi ndi ziwiri, ndi galimoto yakuda yoti ikaima pa msika, ogulitsa mafuta onunkhira amabwera kudzadziyang'anira pa chitseko chake.

Koma chaka chino, m'masabata atatu okha, ndinaonda mpaka lamba ndinamuboola bowo lina. Chinandiondetsa ndi pakamwa panga.

Zinayamba Loweruka lina m'mawa kwa alamu anga, achimwene a akazi anga, amene ali ndi shopu yometa tsitsi. Ndinali pa mpando, nsalu ili m'khosi, mutu utametedwa mbali imodzi. Pabenchi panali telala wa khomo loyandikana, dalaivala wa minibasi ndi amuna ena anayi odikira. Ndinali mkati mowafotokozera za bwalo la ndege lomwe lili ndi nkhalango m'kati mwake pamene panalowa mayi wina wa nsapato zafumbi, kabuku kamagetsi kali m'manja.

"Pepani abambo, ndachokera ku yunivesite," anatero mayiyo. "Tikuchita kafukufuku wa kamtsinje ka kumunsiku. Mafunso ndi ochepa, ndipo dzina sitilemba."

Funso lalikulu linali limodzi. Anati tiyerekeze kuti pakhazikitsidwa thumba loti kamtsinjeko kayere ngati kale, ana n'kumasambamo, amayi n'kumachapamo. Kodi banja lililonse lingalole kuponyamo zingati pamwezi?

Telala anati mazana atatu. Dalaivala anati mazana asanu, koma achotse ndi fungo lomwe. Alamu anga anati mazana awiri, ndipo awabwezere chenji. Kenako anandiloza ndi makina ometera.

"Funsani awa, mayi. Awa ndi a Pasipoti, anamwapo madzi a m'mayiko makumi atatu. Alamu, musatichititse manyazi pamaso pa ophunzira. Kapena ndalama zonse zinathera m'ndege?"

Benchi yonse inaseka. Ine ndinayang'ana pagalasi, ndinaona maso a anthu asanu ndi atatu kuphatikiza mayiyo akundidikira.

"Miliyoni imodzi," ndinatero.

"Pachaka, bambo?"

"Pamwezi. Maziro ake ndi asanu ndi limodzi, ndikuwerengereni?"

"Mukutsimikiza? Taganizani za ndalama zimene mumapeza, ndi zina zimene mumagula."

"Mayi, ine ndinaimapo pa mlatho wa mzinda wina waukulu, nsomba zikuoneka mpaka pansi, anthu a m'maofesi akudyera nkhomaliro m'mphepete. Madzi ndimawadziwa mtengo wake. Lembani."

Analemba. Dalaivala anaimba mluzu, telala anandigwira dzanja. Ndinatuluka m'shopumo mutu uli mbee, mtima uli m'mwamba.

Ndinene chilungamo, sindinkanama kotheratu. M'kamtsinje kameneko ndimo ndinaphunzirira kusambira. Malaya anga oyamba aja ndinawatsukuluza momwemo, madzi aulere, oyera ngati galasi. Komanso ndinkadziwa chimene aliyense m'shopu muja ankadziwa koma osanena: paipi yotaya madzi otsala ku fakitale yanga imathera momwemo. Lolemba kamtsinje kamayenda kobiriwira, Lachinayi kofiira, malinga ndi oda ya sabata imeneyo. Ndinkati ndidzakonza fakitale ikakula pang'ono. Inakula, ine ndinagula galimoto. Ndipo mafunso a kafukufuku ndayankhapo ambirimbiri m'mabwalo a ndege. Palibe linanditsatapo kunyumba.

Ili linanditsata. Patatha miyezi inayi kunabwera kalata ya khonsolo. Chiphaso choyendetsera fakitale chinali kutha kumapeto kwa mwezi, ndipo zaka zonse ndinkangolipira, n'kudinditsa. Kalatayo inati chaka chino ayamba njira yatsopano. Kuwonongeka kwa chilengedwe kuziyesedwa ndi ndalama, ndipo ayunivesite awerengera kale za kamtsinje kathu. Lachinayi la sabata yachitatu ndikaonekere pamaso pa komiti. Mtengo ukakhala woti fakitale singathe kubweza kapena kukonza, chiphaso sichiperekedwa.

Ndinaitana a Kalaliki, bambo wachikulire wosaseka amene wasunga mabuku anga zaka khumi ndi zisanu. Anawerenga kalatayo kawiri, n'kuvula magalasi.

"Njirayi ndinaimvapo ku msonkhano wina, bwana. Amafunsa anthu, tinene mazana awiri. Amaphatikiza mayankho onse, n'kugawa ndi chiwerengero cha anthuwo kuti apeze yankho la pakatikati. Akatero amachulukitsa ndi mabanja onse okhala m'mbali mwa mtsinje."

"Mabanjawo ndi angati?"

"Zikwi khumi. Anthu a kuno anganene zingati? Mazana asanu pamwezi. Ndiye kuti pachaka ndi mamiliyoni 60. N'zowawa, koma tikhoza kukambirana nawo."

Ndinafunsa ngati ndikufunsira mnzanga. "Nanga pakati pa anthu mazana awiriwo patakhala mmodzi wonena miliyoni?"

"Wamisala ameneyo angachokere kuti?"

"Tangoyesani."

Anadina kalikuleta yawo ya mabatani ofufutika. Anadinanso. "Yankho la pakatikati lichoka pa mazana asanu kufika pa zikwi zisanu ndi mazana asanu. Pachaka, mamiliyoni 660." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bwana, fakitale yonseyi, ndi nyumba zanu, ndi galimoto, sizifika theka la pamenepo. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Wamisalayo mukumudziwa?"

Kudzera pa zenera la ofesi ndinkaona amayi a ku makina otsukuluza akukoka nsalu yofiirira, mikono yawo itathimbirira utoto mpaka m'zigongono. Mmodzi wa iwo ndinamulemba ntchito mwamuna wake atamwalira. Ana ake atatu ali pasukulu.

Akazi anga ndinawauza m'mawa wotsatira, chifukwa anaona kuti tiyi wazizira m'kapu ine ndisanayambe nkhani iliyonse, chinthu chosachitika pakhomo pathu.

"Miliyoni?" anatero. "Kwa achimwene? Mutu utametedwa theka?"

"Anandiputa."

"Achimwene akhala akukuputani chikwatiwire changa. Inu bambo a ana, pakamwa panu pamakwera ndege, nzeru zimabwera pambuyo pa basi." Anandisunthira mbale ya buledi. "Pitani mukawapepese ayunivesitewo. Mukati munkaseka."

"Ndikanene kuti a Pasipoti alibe miliyoni?"

"Mukanene kuti a Pasipoti ali ndi antchito makumi anayi ndi atatu."

Ndinazengereza sabata yathunthu. Ndinkayenda m'fakitale ndikuwerenga zinthu zosafunika kuwerenga: migolo, mababu, mitu ya anthu. Kapitawo akandipatsa moni ndinkadzidzimuka. Mphekesera inali itayamba kale, chifukwa kalata ya khonsolo siyenda yokha. Tsiku lina mayi wamasiye uja anandiimitsa pakhomo la nyumba yosungira nsalu.

"Bwana, akuti atitseka. Ndi zoona? Ndifunse ndisanalipire fizi ya teremu ino."

"Lipirani fizi, mayi. Ine ndinatulukapo bwinobwino m'manja mwa apolisi a pamalire a mayiko asanu, ndi komiti yanji ingandivute?"

Anamwetulira, napita. Ine ndinalowa m'chimbudzi n'kukhala momwemo mphindi khumi.

Lolemba ndinavala suti ya ulusi wosalala imene ndinasoketsa kutsidya kwa nyanja, ndinapita ku yunivesite. Ndinati ndikufuna mkulu wa kafukufuku wa kamtsinje. Anandilozera kachipinda ka pansanjika yachitatu, kodzaza mapepala, fani ikulira ngati njuchi. Pa desiki panali mayi yemwe uja wa nsapato zafumbi.

"Ndimafuna a Dokotala, akuluakulu anu," ndinatero.

"Mwawapeza. Khalani pansi, bambo wa maziro asanu ndi limodzi."

Ndinakhala. Ndinayamba ndi nkhani ya mayunivesite amene ndinawaonapo kunja, koma sinapite patali. Pomaliza ndinangonena. "Mayi, yankho lija lichotseni. Tsiku lija kunali kucheza chabe kwa kometa. Fakitale ya utoto ija ndi yanga."

"Ndinadziwa ndisanatuluke m'shopumo. Zikhadabo zanu ndi zobiriwira." Anatseka kompyuta yawo. "Sindingachotse yankho chifukwa mwini wake wapempha. Nditatero, mawa kubwera wina kudzati lake ndilikweze. Komanso lipoti linapita kale ku khonsolo."

"Ndiye mundiuzeko nambala yake."

"Mukaimva Lachinayi pamodzi ndi anzanu onse."

"Mayi, kuli mabanja makumi anayi ndi atatu."

"Kumunsi kwa paipi yanu kuli zikwi khumi." Sananene mokalipa. Anandithirira madzi m'kapu ya pulasitiki. "Ndikuuzeni chimodzi chokha, chifukwa si chinsinsi. Ntchito yathuyi ikusintha. Kale tinkadalira kwambiri kufunsa anthu kuti angapereke zingati. Timafunsabe, koma masiku ano timayang'ananso zimene anthu akuchita kale ndi ndalama zawo zenizeni. Pakamwa pamatha kunena chilichonse. M'thumba simunama."

Mawu amenewa ndinawamva, koma sanalowe. Mutu wanga unali pa miliyoni basi. Ndinatsika masitepe a nsanjika zitatu zija ngati nkhalamba, ndipo kwa nthawi yoyamba chigulire galimoto yanga sindinayang'ane ngati pali amene akuisirira.

Lachinayi holo ya khonsolo inadzaza. Kutsogolo kunali tebulo lalitali, apampando a komiti ali pakati, bambo wa imvi wolankhula pang'onopang'ono. Ine ndinakhala mzere woyamba, akazi anga kumanja, a Kalaliki kumanzere. Alamu anga anatseka shopu n'kudzakhala kumbuyo kwanga kwenikweni. Anati abwera kudzandilimbitsa mtima, koma ndikudziwa kuti anabwera kudzaonera. Kumbuyo kunali antchito anga ena, ndi anthu a kumunsi kwa mtsinje. Malaya anga anali atanyowa kale msana wonse.

A Dokotala anaimirira, naonetsa zithunzi pakhoma. Anafotokoza za anthu mazana awiri amene anafunsidwa. Ndinagwira mpando ndi manja awiri.

"Mwa mayankho amenewa," anatero, "limodzi tinalipatula. Munthu wina anati angapereke miliyoni pamwezi. Lamulo la kafukufuku wathu, lomwe tinalilemba tisanayambe kufunsa, limati yankho lotalikirana kwambiri ndi ena onse lisawerengedwe, chifukwa kawirikawiri woyankhayo amakhala akungodzionetsera, ndalamazo sangapereke."

Holo inaseka. Mpweya umene ndinausunga masabata atatu unatuluka wonse nthawi imodzi. A Kalaliki anatseka maso ngati akupemphera. Koma nthawi yomweyo makutu anga anatentha. Sangapereke? Ine? Alamu anandinong'oneza m'khosi, "Alamu, akuti ndinu amphawi. Muwasiya?" Ndinayamba kudzuka. Akazi anga ananditsina pantchafu mwamphamvu moti chipsera chake chinatha sabata. Ndinakhalanso pansi.

Ndinkayesa zatha. Ndinayambanso kuganiza za kumene tikadyere nkhomaliro.

"Koma nambala imene tikupereka ku komiti sikuchokera ku mafunsowo," a Dokotala anapitiriza. "Ikuchokera ku lendi. Tinayerekeza nyumba zoyandikira kamtsinje ndi zakutali. Vuto la njira imeneyi n'lakuti nyumba sizifanana. Ina ndi yaikulu, ina ndi yakale, ndiye sudziwa chatsitsa lendi n'chiyani. Koma kuno tinachita mwayi umene anzathu a kafukufuku amaulakalaka. Tinapeza nyumba khumi ndi ziwiri za mwini mmodzi, zomangidwa chaka chimodzi, pulani imodzi, zitseko ndi malata zofanana. Zisanu ndi imodzi zili kumtunda, zisanu ndi imodzi m'mbali mwa madzi. Poyamba lendi inali yofanana. Lero za kumadzi ndi zotsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu."

Chithunzi chinasintha. Pakhoma panaoneka nyumba zanga, ndi zitseko zake zachikasu zimene ndinasankha ndekha nditaziona m'tauni ina ya kugombe.

Lendi imeneyo ndinatsitsa ndine. Zaka zinayi zapitazo alendi a kumadzi ankangosamuka. Ankati ana akutuluka zidzolo, zovala zikayanikidwa zikununkha, mawindo satsekulika. Ndinatsitsa kamodzi, osakhazikika. Ndinatsitsanso. Ndinasaina ndi cholembera changa chagolide, ndikudzitama kuti ndine landilodi wachifundo. Sindinaganizepo kuti ndikulemba mtengo wa paipi yanga.

A Dokotala anati akatenga kusiyana kumeneko n'kuyala pa nyumba zonse za m'mbali mwa madzi, n'kuwonjezera ndalama zimene mabanja amagulira madzi ochapira, zimakwana mamiliyoni 85 pachaka. Anatinso matanki osefera madzi a fakitale angadye mamiliyoni 70, kamodzi kokha.

Apampando anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bambo, tamva kuti nyumbazi ndi zanu. Komiti ikufuna kudziwa chinthu chimodzi. Ngati pali chifukwa china chimene munatsitsira lendi, chosakhudza madzi, nenani. Mukatero umboniwu ugwa, tidzayambiranso kafukufuku chaka chamawa, chiphaso mutenga lero monga mwa nthawi zonse. Ngati palibe, tigamula pa nambala imeneyi."

Fani ya kudenga yokha ndiyo inkamveka.

Alamu anandiyandikira, ulendo uno osaseka. "Nenani kuti madenga a kumunsi amadontha, alamu. Basi. Denga lodontha, lendi yotsika. Ndani akakwere kukaona?"

A Kalaliki anagwedeza mutu pang'ono, kuvomereza. Akazi anga anayang'ana manja awo.

Ndinaimirira. Mawu anayi okha, chiphaso n'kukhala m'thumba. Ndinatembenuka pang'ono. Mzere wachitatu kuchokera kumbuyo kunali mlendi wanga wa nyumba yachinayi ya kumadzi, mphunzitsi wa pulayimale, atanyamula mwana wake wamkazi, amene miyendo yake inali yopakidwa mankhwala oyera a zidzolo. Pafupi naye panali mayi wamasiye wa ku makina otsukuluza, atagwira pachifuwa. Onse awiri ankandiyang'ana ine.

Madenga amenewo ndinakhoma ndekha. Ndinakwera pamwamba ndi mmisiri, dzuwa likuswa mtengo, msomali uliwonse ndi kachipewa kake ka labala, njira imene ndinaiona kudziko la mvula ya miyezi isanu ndi inayi. Tauni yonse inandimvapo ndikunena za madenga amenewo.

"Apampando," ndinatero, mawu akutuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira, "ine ndayenda mayiko makumi atatu ndi limodzi, ndipo sindinaonepo denga loposa langa. Denga langa silidontha. Ngakhale dontho limodzi. Lendi ndinatsitsa chifukwa cha fungo la madzi, ndipo madziwo ndi a paipi yanga."

"Mayo ine," anatero alamu kumbuyo kwanga.

Komiti inatuluka kukakambirana. Inatha mphindi makumi anayi, ndipo ndinaziwerenga zonse pa wotchi yanga yodula ija. A Kalaliki ankadina kalikuleta, kufufuta, kudinanso. Akazi anga anaika dzanja pa bondo langa, pafupi ndi pamene ananditsina, n'kulisiya pomwepo.

Atabwerera, apampando anawerenga chigamulo. Chiphaso cha chaka chonse sichiperekedwa. Apereka cha miyezi isanu ndi umodzi. M'miyezi imeneyo matanki amangidwe, ndipo tsiku lomaliza adzatunga madzi pakamwa pa paipi n'kukawayeza. Akapezeka oyera, chiphaso chonse. Akapanda, loko pageti.

Panja, a Dokotala anandidutsa atanyamula chikwama chawo. "Mukanati limadontha, ndikanakwera ndekha kukaona," anatero.

"Mukanatsika mutasirira, mayi."

Anaseka. "Ndidzabweranso pakatha zaka ziwiri kudzaona lendi yanu."

Galimoto yakuda ndinagulitsa sabata yomweyo. Nyumba zitatu za kumtunda zinapitanso. Ulendo wanga wa kukaona makina atsopano kunja ndinauimitsa, ndipo masamba asanu aja a pasipoti akadali oyera. Masiku ano ndimapita ku ntchito pa minibasi ya dalaivala uja wa mazana asanu, amene amandisungira mpando wakutsogolo n'kumauza anthu kuti wanyamula miliyoni. Alamu amati ndine munthu woyamba m'mbiri ya dziko kugulitsa galimoto pofuna kuteteza mbiri ya malata. Ndimawayankha kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wanga amaudziwa kukula kwake chifukwa amaumeta okha.

Matanki atatu aima kale kuseri kwa fakitale, a simenti yokhuthala ngati khoma la banki. Pulani yake ndinaikonzako ndekha, ndipo injiniya anavomera kuti sanaonepo otere m'chigawo chino. Antchito onse makumi anayi ndi atatu alipo. Mayi wamasiye analipira fizi.

Chiphaso cha miyezi isanu ndi umodzi chili pakhoma la ofesi, ndipo a Kalaliki amadula tsiku lililonse pa kalendala ndi cholembera chofiira. M'mawa uliwonse ndisanalowe mu ofesi ndimatsikira ku paipi ndi botolo lagalasi. Ndimatunga, n'kuliimika padzuwa, kumbuyo kwake n'kuikako mpango woyera wa m'thumba. Mwezi watha madzi anali ngati inki. Sabata yatha anali ngati tiyi wopanda mkaka. Lero kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Ndinaitana kapitawo kuti ayang'ane, iye anati ayera, bwana, ayera ndithu. Koma kapitawo amadya za m'manja mwanga. Ndinatumiza botololo kunyumba. Akazi anga analiyang'ana pa zenera la kukhitchini, nalibweza ndi kakalata kakuti kubiriwira kukadalimo pang'ono, ndisayambe kulankhula.